Mtambo wa Matalala ndi Apongozi Anga

Amene akuti ndimanama abwere anene pamaso panga, asamakanong'one kuseri kwa mabalani. Ine ndatopa, mawondo anatha kalekale, nkhaniyi ndaifotokoza mpaka kukhosi kuuma, koma poti mwafunsanso, khalani pansi. Ndikulumbira pali bambo anga amene anagona ku Tete.

Panali pa pulazi ya fodya ku Trelawney, chilala chachikulu chija chitangotha, ine ndili woyendetsa ngolo ya ng'ombe. Mwana wa bwana anabwera ndi kandege m'mabokosi n'kukamanga yekha mu shedi ya mathirakitala. Musaganize ndege za ku Harare zija. Aka kanali ngati wilibala ya mawilo atatu, lakutsogolo lowongolera ndi mapazi, pamwamba phiko limodzi la nsalu ya tenti lokungidwa ndi mawaya, injini kumsana kwako ndi chitsulo chake chopukusa mphepo, ndipo patsogolo pa chifuwa mpiringidzo wogwira ndi manja onse awiri: ukaukankha ukwera, ukaukoka utsika. Chitseko palibe, denga palibe, pansi pake palibe, umangokhala miyendo ili tang'a ngati wakwera bulu. Mpando umodzi basi, poti mzungu sakonda kunyamula munthu panjira.

Tsiku limenelo fodya anali atakhwima, wofika m'khosi, ndiye masana kumbali ya Chinhoyi kunadzuka mtambo wakuda wobiriwira kumimba, ndipo aliyense pa komboni anadziwa kuti ndi matalala. Mukumva? Matalala akagwa masamba amasanduka sefa, bwana amatseka mabalani, ntchito yatha, nyumba ya pa komboni utulukemo. Anzathu Achishona akanapita kumusha kwawo. Nanga ife a ku Tete ndi a ku Malawi tikanalowera kuti ndi ana? Bwana ndi mwana wake anali ku tauni. Foromani anangokhala pa diramu atagwira tsaya.

Ine ndinatola chikwapu changa, ndinakakoka chingwe cha injini monga timalizira pampu ya kudamu, ndinakhala pampando paja, kandege kanathamanga mumsewu wa pulazi fumbi kobo, ndinakankha mpiringidzo, dziko linandisiya, mabalani anasanduka timabokosi ta machesi, mphepo inandivula chipewa n'kukachiponya ku Glendale komwe mpaka lero pali mkulu wina amapita nacho kutchalitchi, ndipo ndisanameze malovu ndinali maso ndi maso ndi mtambo uja, matalala atandandalika m'kati mwake ngati maungu pa nkhokwe. Ndinaulizira likhweru, sunamve. Ndinauthyapa chikwapu pamphuno, unabangula, ndiye bingu limene munamva amayi anu akunena lija, mphezi inakola kunsonga kwa chikwapu ndipo ndinayatsirapo ndudu yanga poti kumwambako kumazizira, ndinauthyapanso m'nthiti ndikuutchula mayina a ng'ombe zanga, mpaka unatembenuka monyinyirika ngati nkhunzi yoyamba kumene goli. Petulo atatha ndinathiramo kachasu wa m'thumba, injini inatsokomola kamodzi n'kuyamba kuimba.

Maganizo anga anali oti ndikautaye kumapiri, komwe kuli anyani okha. Tinayenda bwino, iwo patsogolo ine pambuyo, mpaka nditayang'ana pansi pakati pa mawondo anga. M'kanjira kochokera ku pulazi yoyandikana nafe munali mayi atasenza dengu, ndipo kayendedwe kake ndinakadziwa. Apongozi anga, amake a mkazi wanga, akuchokera kwa ana awo aamuna amene ankagwira ntchito kumeneko.

Tsono ndiuzeni inuyo. Munthu woleredwa, amene akakumana ndi apongozi amalowa paminga kuwapatukira njira, angadutse pamwamba pa mutu wawo atavala kabudula wa kaki wong'ambika, miyendo ili tang'a, m'ndege yopanda pansi? Azungu amene anapanga chinthu chimenechi analibe apongozi. Ndinakhotera pambali kutali, ndinaphatikiza mawondo, ndinasiya mpiringidzo n'kuwomba m'manja monga mwa ulemu, ndipo powomba m'manjamo chikwapu chinagwa. Mtambo utaona kuti mbusa alibe chikwapu unakweza mchira n'kuthamangira ku pulazi ya alamu anga, n'kukakhuthula zonse pamenepo.

Ine ndinatera bwinobwino pa denga la balani. Fodya wathu sanabooke ngakhale tsamba limodzi, komboni yonse inakhala pa ntchito, palibe anandipatsa ngakhale chipewa china.

Sabata isanathe thirakitala ya pulazi ija inaima pakhomo panga n'kutsitsa alamu anga onse, akazi awo, ana, mphasa, nkhuku, ndi apongozi pamwamba pa katundu. Iwo sanandiyang'ane, anangouza mwana wawo kuti, "Uwauze bambo a kunyumba kuno kuti ndinawaona kumwamba kuja. Munthu waulemu chotere sangatithamangitse."

Kandege kaja mwana wa bwana anapita nako ku Joni, ndiye musandifunse kuti kali kuti. Wofuna umboni apite kunyumba kwanga akaone amene akugona pa bedi langa, ine chigonere kukhitchini kuyambira chaka chimenecho. Mukumva? Bodza silidya ufa. Awo amadya, m'mawa ndi madzulo, mpaka lero.