Shuga wa Kubuku

Lolemba

Ba Hedi andiyitanira ku ofesi. Mtima phaa! Koma ayi, ndi za Loweruka chabe. Kuli tsiku la makolo, ndipo ba Cheyamani a Chipani a kuno ku Matero adzakhala pampando wapatsogolo. Ana anga a Fomu Fili adzaimirire n'kunena maganizo awo pa buku limene tangomaliza kuwerenga.

"Bakambe bwino, ba Ticha," akutero ba Hedi. "Nchito ni yovuta kupeza masiku yano." Ayamba atseka chitseko asananene mawu amenewa.

Bukulo ndi la dziko lopeka. Kumeneko Lachisanu lililonse lole ya boma imayenda khomo ndi khomo kusiya shuga, sopo, buledi ndi mafuta ophikira. Lamulo ndi limodzi: osafunsa kuti "chifukwa chiyani?" Wofunsa amakwera lole yomweyo pobwerera, ndipo saonekanso.

Pulani yanga:
ana anene kuti dziko la m'bukulo ndi loopsa,
anene kuti ife kuno tili ndi mwayi,
ba Cheyamani aombe m'manja,
ine ndikhalebe pa ntchito.

Zosavuta!

Lachiwiri

Ndafunsa maganizo aja. Mayo ine!

Yusufu, mwana wa telala wa ku Malawi uja: "Ba Ticha, shuga yamene bapasa ni paketi ikulu olo ing'ono?"

Wina kumbuyo: "Lole ibwera yeka pa nyumba? Kulibe laini?"

Wina akufuna kudziwa ngati sopoyo ndi wochapira kapena wosambira.

Ndikukuwa kuti ana inu, anthu akusowa m'bukumu, akutengedwa! Akungondiyang'ana ngati ndawauza kuti mvula imanyowetsa. Kwa iwo wolakwa ndi mnyamata wa m'nkhani uja amene anafunsa funso. Ati chitsiru, chatayitsa buledi wa banja lonse.

Kalasi yonse palibe amene akuopa bukuli. Woopa ndine ndekha, ndipo sindikuopa bukulo ayi. Ndatseka mawindo, kutentha konseku.

Lachitatu

Dzikolo alipatsa dzina. Ati Kubuku. Pabuleki ndikumva paliponse: Kubuku buledi ndi wofewa, Kubuku amayi sadzukira ku shopu.

Mwansa ndiye mtsikana wanzeru kuposa onse, ndi amene ndikudalira kuti adzatsegule Loweruka. Lero wakweza dzanja mwaulemu wake uja.

"Ba Ticha, Kubuku bankala zii, babapasa shuga. Ise tinkala zii mahala."

Mahala, kwaulere! Choko chandigwa m'manja. Ndikati ndiyang'ane pawindo, bambo wosesa pasukulu ali pomwepo, akusesa malo amodzimodzi. Pamalopo palibe ngakhale tsamba!

Mashushushu, makutu a boma, sayenda ndi chikwangwani pamphumi. Amene ndikuwakayikira:
wosesayo,
mphunzitsi wa masamu, nsapato zatsopano wazitenga kuti?
mdzukulu wa ba Cheyamani, amene amagona m'kalasi tsiku lililonse. Kapena amangotsinzina?

Basi, za maganizo zatha. Ndalemba pabolodi zoti adzanene, aloweze pamtima: Dziko la Kubuku ndi loipa. Atsogoleri ake ndi ankhanza. Ife tili ndi mwayi. Abwereza mpaka belu. Mwansa akubwereza nawo, koma akumwetulira, ndipo kumwetulira kwakeko kwandithetsa njala.

Lachinayi

Nzeru zabwera: mabuku onse achoke pasukulu mpaka Loweruka lidutse. Popanda buku palibenso maganizo atsopano. Ndawasonkhanitsa, ndapempha katoni kusitolo ya sukulu. Yopezeka ndi imodzi, katoni yakale ya sopo. Ndamanga ndi chingwe, ndakwera nayo minibasi.

Kuchokera pasiteji kufika kunyumba, katoni pamutu, aliyense akundipatsa moni. Ngakhale amayi ogulitsa malasha aja, amene chibwerereni kuno sanandiyankhepo. Ndikuti kodi anthu a ku Matero alapa liti?

Amake Bupe, a nyumba yoyandikana nane, athamanga kudzanditula. "Mwalema ba Ticha, lekani nikutandizeni." Ndawaona ndi maso angawa akununkhiza katoniyo. Kenaka chapansipansi: "Bupe akamba ati imwe muziba njila ya Kubuku. Mailo ni Chisanu, ayi? Musatiibale."

Bupe ali Giredi Folo. Sali m'kalasi mwanga, sali n'komwe pasukulu pathu!

Ndakankhira katoni kunsi kwa bedi.

Lachisanu

Kutsegula chitseko m'mawa, mzere! Wayambira pageti panga, wadutsa pampopi, wakhotera kuseri kwa tchalitchi. Ena aika miyala, zitini ndi madengu kuti ziwasungire malo. Kuno munthu amayamba waima pamzere, za chimene chikugulitsidwa amafunsa pambuyo. Akutsogolo akuti sopo. Apakati akuti shuga. Akumapeto amva kuti nyama.

Ndikuwauza kuti kulibe kanthu, ndi mabuku chabe, Kubuku ndi dziko lopeka. Agogo ena akugwedeza mutu: "Bonse ba mashopu bakamba so."

Kenaka anyamata a Chipani, ndi zisoti zawo ndi zikoti. Awongola mzere, aika akazi awo patsogolo, ndiye alowa m'nyumba osaodira. Kubisa katundu wosowa ndi mlandu woti munthu ungaiwalike nawo.

Ba Cheyamani afika okha, mimba patsogolo. Katoni yatulutsidwa kunsi kwa bedi, chingwe chadulidwa. Mabuku! Akhuthula onse pansi, afufuza mpaka m'makona. Atola limodzi, alinunkhiza, aliika m'thumba la jekete.

"Tizaonana mailo, ba Ticha."

Mawa. Mulungu wanga, mawa!

Kusukulu ndafika mochedwa, ba Hedi sanandiyang'ane n'komwe. Pobwerera ndapeza mzere ukadalipo, ati akudikira lole. Yadutsa lole ya mchenga, aithamangira mpaka kumsika.

Ndalongedza kachikwama: chitenje, mswachi, Baibulo, juzi chifukwa akuti kundende kumazizira. Amake Bupe ndawaonetsa pamene ndimabisa kiyi. Alandira mokwiya, akuti sopo ndagawira aphunzitsi anzanga.

Loweruka

Holo yadzaza. Kachikwama kali pansi pa mpando wanga.

Ba Cheyamani aimirira, buku lija m'manja. Aliwerenga! Chabwino, mwina theka. Ndatseka maso, ndikupemphera.

"Iyi buku ni yabwino maningi! Ziko ya mwambo! Bantu bamvela, sibafunsafunsa. Bana bonse babelenge!"

Aa! M'manja mwaombedwa, ba Hedi kuposa onse. Ndapuma koyamba sabata ino. Ndikumwetulira ngati mkwatibwi.

Kenaka ndakumbukira zimene ndinawalowezetsa ana.

Yusufu, amene ndinamuika m'malo mwa Mwansa kuti atsegule, waimirira kale, manja kumbuyo, chifuwa patsogolo. "Dziko la Kubuku ndi loipa! Atsogoleri ake ndi ankhanza!" Ndikumutsinzinira, ndikupukusa mutu, ndikumukupiza ndi dzanja kuti akhale pansi. Iye akuyesa ndikuti akweze mawu. Wakweza. Kalasi yonse yamulandira pamodzi ngati kwaya.

Nkhope ya ba Cheyamani yada bii. "Choipa ni chani mu ziko iyi? Ndani azaniyanka?"

Zii. Ana aweramitsa mitu, Mulungu awadalitse. Dzanja limodzi lokha lili m'mwamba. Ayi, Mwansa, mwana wanga, ayi!

"Choipa kulibe, ba Cheyamani. Ise tinayamba kale kunkala zii. Manje lole izabwela liti?"

Kumbuyo wina waphulika kuseka, mawu ake ndi a Amake Bupe, amene angobwera kudzaonerera, ndipo msangamsanga wasandutsa chifuwa. Chifuwacho chagwira holo yonse. Makolo kutsokomola, aphunzitsi kutsokomola, mpaka wosesa uja ali pakhomo akutsokomola misozi ili mbwembwembwe.

Ba Cheyamani sakutsokomola. Aweramira kwa ba Hedi, afunsa kanthu. Ba Hedi andiloza ndi mlomo.

Lamulungu

Galimoto lodzanditenga silinabwere. Injini iliyonse ikalira mumsewu ndikuimirira ndi kachikwama, kenaka n'kukhalanso.

Titatuluka m'tchalitchi ba Hedi andipeza pansi pa mtengo. Akulankhula akuyang'ana kwina, ngati akuwerenga nyerere. Kuyambira mawa kalasi si yanganso. Ndizikayang'anira dimba la sukulu, kabichi ndi repu. Malipiro akhalapo, "pakali pano." Mabuku atengedwa ndi ba Cheyamani, sanena kuti akawatani.

Kabichi alibe maganizo. Mwina ndinenepako.

Panjira ndakumana ndi Mwansa, akuchokera kumpopi ndi chidebe pamutu. Wamva kale, Matero sasunga nkhani. Maso ake ofiira.

"Ba Ticha, nine ninakamba. Manje imwe bakuchosani chifukwa chani?"

Ndamugwira pakamwa, ine mphunzitsi wake, pamsewu anthu akuona. Ndayang'ana uku ndi uku. Ndamuuza apite kwawo madzi asatayike.

Chifukwa chake sindikuchidziwa bwino, poti ba Hedi sindinawafunse. Ndinangoti zikomo, mpaka kupinda bondo. Kachikwama sindimasula, kakhale pafupi ndi chitseko.

Tsopano ndili pakhonde, zii, ndikumwa tiyi. Shuga mulibe.