Sabata Yomwe Ndinali Ticha wa Mwana wa Madamu Lin

Lolemba

Mvula. Dublin ilibe nkhani ina.

Kampani ikuchotsa anthu. Pa shifiti yathu yokolopa ku airport tilipo naini, akuti atsale sikisi. Rota yatsopano ituluka Lamlungu, dzina lako likasowa pamenepo ndiye kuti wapita. Amalemba rotayo ndi supavaiza wathu, Madamu Lin, mayi wa ku China. Msinkhu ndi wofanana ndi mopu, koma maso awo amaona tsitsi limodzi pa matailosi ali uko kukhomo.

Pa break ndawapeza ali ndwii pa foni. Mwana wawo, Ting, ali kwawo ku China, chaka chomaliza ku sekondale, mayeso aakulu akubwera. Chizungu chikumuzunza, makamaka listening. Akuti amayatsa tepi, anthu awiri amayankhulana, iwe usankhe A, B kapena C.

Pakamwa panga payankha ndisanapatume: "Madamu, kwathu ine ndinali ticha wa English."

Zoona zake, Fomu 2 ndidaisiyira panjira, teremu yachiwiri, kupita kukagulitsa ma CD ku Limbe. Koma Chizungu ndimachitafuna daily. Ndi madalaivala a basi, ndi landilodi, ndi azungu oledzera osaka toileti. Ticha amandiposa chiyani? Choko?

Madamu andiyang'ana, akuti chabwino, yesa.

Pulani:
1. Kujambula matepi anga a listening. Enieni, osati aja a anthu oyankhula ngati ameza wailesi.
2. Ting akhoze.
3. Dzina langa pa rota, pamwamba penipeni.
4. Sukulu yanga pa intaneti. Ana a ku China ndi ambiri kuposa anthu a kuno kuphatikiza nkhosa zawo. Ndikangogwira mudzi umodzi, mopu ndimupsompsona ndi kumutsanzika.

Lachiwiri

Madamu andibwereka buku la mayeso akale. Zophweka mpaka manyazi. Mwamuna ndi mkazi, mizere folo basi. Tikumane 4 koloko. Ayi ndili ndi kalasi, 5 koloko. Funso: akumana nthawi yanji? Anthu amalephera zimenezi?

Ndalemba yanga yofanana nayo.

Studio: bafa la nyumba yathu ku Swords, poti ndi chipinda chokhacho chomwe chitseko chake chimatsekeka.
Zida: foni yanga.
Ochita sewero: ine ndi Ba Tembo, anzanga ogona nawo nyumba, a ku Lusaka, sekyuriti ku airport komweko, dikoni kutchalitchi kwawo.

Akana kukhala mkazi. "Nili na bana batatu ine, iwe." Ndiye mkazi ndine. Ndatsina mphuno.

Vuto loyamba: Ba Tembo sangayambe nkhani osapereka moni. Ndikuloza mzere woyamba ndi chala, iwo akufunsa ndadzuka bwanji. Kunyumba kuli bwanji. Ana. Abambo akunyumba. Tsono ine mayi waulemu ndingokhala duu? Ndayankha. Ndapeka ana awiri, ndapeka mwamuna wodwala msana. Ba Tembo apepesa kwambiri, afunsa ngati tapita naye kuchipatala, alonjeza kumuika m'mapemphero a Lachitatu.

Vuto lachiwiri: nthawi. Pepala likuti 5 koloko. Ba Tembo akuti sangalonjeze ola pa tepi, tepi siiwala, ndipo mawa si lathu. Zomwe anena, m'Chizungu chawo cha ku chechi: abwera akachoka ku mapemphero, Mulungu akalola.

Mizere folo yatenga maminitsi ileveni.

Ndatumiza momwemo. Mwana amve mmene anthu olera bwino amayankhulira.

Lachitatu

10 koloko m'mawa, internet café ya pa kona. Kwa iwo uko ndi madzulo kale. Ting ali ndi maminitsi twente okha, pakati pa chakudya ndi kalasi ina. Kalasi, madzulo! Ine ndidathawa zochepa kuposa pamenepa.

Kamera yayaka. Magalasi, yunifolomu ngati tirakisuti, kumbuyo kwake mulu wa mabuku wotalika kuposa iye. Ndamupatsa moni wa ticha, mawu okhuthala. Sayankha pakamwa. Amangotaipa.

Walemba kuti wamvetsera katatu, yankho mulibemo.

Ndikuti lilimo. Akumana akachoka kutchalitchi.

Walemba: A ndi 4, B ndi 5, C ndi 6. Tchalitchicho chimatha nthawi yanji?

Cha Ba Tembo? Mwana iwe. Chimatha abusa mawu akawathera.

Ndamufotokozera kuti pamoyo weniweni munthu akati 5 koloko satanthauza 5 koloko, ndiye tepi yanga ndiyo yoona, ya kusukulu kwawo ndiyo yonama. Walemba zonsezo mu kope. Kaya akulemba ngati phunziro kaya ngati umboni.

Mafunso ake ena:
Mayi uja ali ndi chimfine?
Mwamuna wake wachira?
Kumapeto kukumveka madzi, ndi mtsinje?

Ndi Ba Tembo amenewo, anagujumula toileti ndisanazimitse foni. Ndamuuza kuti ndi nyanja ya ku Dún Laoghaire.

Kuntchito Madamu afunsa zikuyenda bwanji. Ndati mwana ali ndi tsogolo. Andituma ku matoileti a departures.

Kumeneko matishu okhaokha. Anyamata a kuno akukwera ndege kupita ku Australia kokasaka ntchito, amayi awo akulirira pa sinki yomwe ndangopukuta. Eni dziko akuthawa, ine ndikumenyera nkhondo mopu. Ndipo ndipambana.

Lachinayi

Ting wasintha pulani osandifunsa. Akuti listening tiisiye kaye, tichite reading. Watumiza nkhani zitatu ndi mafunso teni. Tiyankhe tonse awiri, aliyense payekha, mawa tiyerekeze, kuti aone mmene ticha amaganizira.

Mwana waulemu. Koma ndikumuona.

Ndasindikiza, ndayankhira m'basi, pepala pa bondo.

Nkhani yoyamba: mayi wina amagona ndi galu pabedi, amamugulira juzi, amamuchitira phwando la tsiku lobadwa. Funso: wolemba akumva bwanji za mayiyu? Ndasaka yankho loti achibale amutengere kuchipatala, palibe. Ndasankha loyandikira, loti akuda nkhawa.

Yachiwiri: madzi oundana akusungunuka kwinakwake kumene sindidzapitako. Mawu ena otalika ngati sitima ya katundu. Ndaika C monsemo. C ali ndi nkhope ya munthu wachilungamo.

Yachitatu ndiyo yanga. Peter wapita kukacheza kwa mnzake. Mnzakeyo akumufunsa, umwa tiyi? Peter akuti ayi, zikomo. Acheza pang'ono, Peter wabwerera. Funso: chifukwa chiyani Peter sanamwe tiyi?
A. Analibe ludzu.
B. Anakhumudwa ndi mnzakeyo.
C. Tiyi anali atatha.

B. Osaganiza n'komwe. Mlendo umamufunsa? Umangomuikira kapu patsogolo, akakana umakakamiza, akakananso umawonjezera shuga. Ukafunsa ndiye kuti ukufuna akane. Peter anachoka pakhomo paja kukhosi kuli gwa, mtima uli phuliphuli, ndipo sadzapondaponso.

Ndawawerengera Ba Tembo. Akuti B, ndipo mnzake wa Peter afunika uphungu. Koyamba chaka chino kugwirizana pa chinthu.

Mawa mwana aphunzira.

Lachisanu

Ting 9. Ine 2.

Awiriwo ndi a C.

Za galu, akuti wolemba akumuyamikira mayiyo. Ndazisiya, dziko lidapita kale. Koma za tiyi ayi. Walemba kuti yankho ndi A, poti mzere wachiwiri ukunena kuti Peter anamwa khofi pa siteshoni.

Ndikuti khofi wa pa siteshoni akukhudzana bwanji ndi tiyi wa mnzako? Tiyi wa kwa mnzako sumamwera ludzu. Ndakweza mawu mpaka mwini café wasuzumira pamwamba pa kauntala. Ndamuuza Ting kuti amene analemba mayesowa sanachezeredwepo ndi munthu chibadwire.

Kenako wachotsa manja pa kiyibodi. Wayankhula.

Kamawu kakang'ono koma kakuthwa. Chizungu chothyokathyoka, koma chikutuluka ngati mpopi wothyoka. Akuti kwawonso mlendo amakana kawiri, kachitatu ndiye amalandira. Akuti azakhali ake amathira tiyi iwe usanavule jekete. Akuti mnzake wa Peter ndi wamwano, akuvomera, iye sangacheze naye. Koma mayeso safunsa za kwanu, safunsa za kwathu, amafunsa zomwe zili papepala.

Ndikuti ndiye pepalalo ndi labodza.

Akuti labodza, inde, koma ndi lomwe lili ndi kiyi wa ku yunivesite.

Ndikuti yunivesite yosadziwa kulandira alendo ndi yachiyani?

Takokana choncho mpaka belu lalira uko, iye osadzuka. Maminitsi twente adutsa kalekale. Atanyamula mabuku wayandikira kamera: "Teacher, munkaphunzitsa sukulu iti?"

Ndati netiweki ikuduka. Ndazimitsa kamera ndi chala changa chomwe, iye akuona.

Kuntchito Madamu angondilozera ku matoileti. Bola akanalalata. Ndakwecha masinki a departures mpaka ndikudziona nkhope. Nkhope ya 2 pa 10, koma yowoneka bwino ndithu.

Loweruka

Lero palibe kalasi. Ticha akukonza mlandu wake.

Zonena Madamu akandiitana:
Ku Malawi timaphunzitsa English ya ku Britain, mwana wanu akuphunzira ya ku America.
Ndinkalakwitsa dala kuti ndione ngati ali tcheru.
Satifiketi inanyowa m'sutukesi.

Ba Tembo akuti ndingokaulula. Kuyankhula n'kosavuta ukakhala ndi yunifolomu ya mabatani. A sekyuriti sakuchotsedwa, poti anthu akasauka ndi pomwe zitseko zimafuna mlonda.

Ndayenda mu Swords kusuzumira mawindo. Shopu ya mipando yatsekedwa, magalasi amata nyuzipepala. Kotsukira magalimoto kuja kwatsala payipi yokha. Nyumba zomwe ankamanga kuseri kwathu zidaima pa mawindo, mukumera udzu. Palibe paliponse palembedwa kuti tikufuna munthu. Amayi ku Bangwe amauza anthu kuti mwana wawo ndi ofesala wa ku airport. Ndikawauze kuti ofesala wachotsedwa chifukwa cha tiyi wa Peter?

Ndatenganso pepala lija. Khofi alipodi, mzere wachiwiri. Sindinauwerenge. Nditangoona mlendo ndi funso la tiyi ndinadumphira kumapeto, poti nkhaniyo ndinkaidziwa kale.

Chabwino, anamwa khofi. Munthu atha kumwa khofi n'kukhumudwabe.

Pa shifiti Madamu adutsa, apititsa chala pansi pa mpopi, achiyang'ana chalacho, apitirira. Osati moni, osati chiyani.

Ndapukuta ngakhale kuseri kwa zowumitsira manja, komwe sikunafikepo nsanza chimangireni airport.

Lamlungu

Rota ili pakhoma. Ndayambira pansi kuwerenga, kuti zoipa zibwere msanga.

Ndilipo. Wachisanu pa anthu sikisi. Matoileti a departures, masiku folo m'malo mwa faifi. Osati pamwamba, koma ndilipo.

Madamu andiitanira m'kachipinda ka break. Ndatsegula pakamwa kuti ndiyambe za English ya ku Britain, andidula.

"Fomu yako yofunsira ntchito ndidaiwerenga ndine. Fomu 2."

Kuyambira Lolemba akudziwa. Sabata yonse ine ndikutsina mphuno m'bafa.

Ndafunsa, nanga munandilolera chifukwa chiyani? Akuti aphunzitsi Ting ali nawo okwana, enieni. Chomwe analibe ndi munthu womupsetsa mtima. Zaka ziwiri mwanayo Chizungu amangolemba, pakamwa osatsegula ngakhale kwa mayi ake. Lachisanu anawaimbira atakwiya, anayankhula Chizungu maminitsi teni osapuma, zonsezo kunena ine.

Ndafunsa za rota, ngati ndapulumukira pamenepo.

"Rota ndi ya masinki. Masinki ako ndi oyera."

Basi. Sukulu ya pa intaneti yatsekedwa isanatsegulidwe. Ana a ku China adzionere okha.

Kenako andipatsa envelopu. Nkhani faifi, mafunso twente, zochokera kwa Ting. Pamwamba walemba: werengani mzere uliwonse, Lachiwiri 10 koloko, 10 yeniyeni. Akuti azichonga iye, kufotokozera munthu wosamva kumamuthandiza kukumbukira. Madamu akuti kukangana n'kololedwa, bola m'Chizungu.

Ndiye ndabwerera ku Fomu 2, ticha wanga ali ndi zaka seventini.

Ketulo yawira. Madamu atulutsa kapu, anditembenukira: "Umwa tiyi?"

Ndati ayi, zikomo, mwaulemu wake, manja pa mawondo, kudikira kachiwiri.

Akuti okay. Athira kapu imodzi. Amwa okha, pang'onopang'ono, akundiyang'ana pamwamba pa kapuyo, maso akuseka.

Ludzu ndinali nalo.

Yankho ndi B.