Mpando wa pachubu ndi nsungwi ya apongozi

Anzanga, mukandiona ndikuwapititsira apongozi anga chimanga kuchigayo osatumidwa, musamati mwina anandidyetsa kanthu. Mayi aja anandivuula m'madzi, ndipo mavuulidwe akewo ndiye nkhani.

Nthawi imeneyo ndinali pachikamwini kwawo kwa mkazi wanga, mayi a Chisomo, cha ku Mitundu, koma mtima wonse unali pa chitengwa, ndinkafuna nditenge banja langa tikakhale kwathu ku Nathenje komwe kuli munda wanga. Amalume awo a mkazi wanga anali atavomera kale, koma apongozi ankangoti tione kaye. Ndiye ndinati apa ndiwaonetse kuti mwana wawo sakagona ndi njala, ndiwabweretsere nsomba zogwira ndekha.

Alamu anga a Yohane amawedza padamu la paesiteti ya fodya. Bwato alibe, ali ndi chubu cha tayala la thirakitala, pabowo lapakatipo analukapo zingwe za khonje kukhala mpando, akakhalapo miyendo ili lende kunja, n'kumapalasa ndi mbale ziwiri zapulasitiki. Anandibwereka osavuta. Vuto linali limodzi, a Yohane ndi oonda ngati bango, pomwe ine Mulungu sanandimane kumbuyoku. Nditayesa kukhalapo kumtunda, khonje uja ankandicheka, komanso ndinali pamwamba penipeni, kupendama pang'ono ndagwa.

Munthu wabwinobwino akanafunsa mwiniwake. Ine? Ndinadula zingwe zonse! M'malo mwake ndinakungapo malegeni, aja timamangira katundu panjinga, n'kuyalapo thumba la feteleza. Nditakhalapo, eee, wofuwofu, ndinachita kudziyamikira ndekha. Kenako ndinaona ngati mpweya wachepa, ndinatenga pampu yanjinga n'kupopa mpaka chubu chili gwa. Kodi ndinaganizako kuti ukapopa kwambiri bowo limachepa? Kapena kuti legeni imatamuka ikalemedwa? Ngakhale pang'ono.

Poyamba zinayenda bwino, ndinapalasa mpaka pakati, kuponya mbedza, mluzu uli pakamwa. Posakhalitsa ndinamva kuzizira m'chiuno, ndinati ndi mmene zimakhalira. Kenako kuzizira kuja kunafika pamchombo. Ndikadali kudabwa, mlamba unadya nyambo, ine n'kukoka ndi mphamvu zanga zonse, malegeni aja anangoti thapu! Ndinalowa m'bowo mopindika, matako pansi, mawondo kumakutu, mapazi kuloza kumwamba. Kabudula naye anati kwee, kuyambira kutsogolo mpaka kumbuyo. Mbale zinapita, ndodo yowedzera inapita ndi mlamba wake.

Ndikati ndidzikoke, chubu chandipana, ndikati ndisunthe, ndikutsikirabe, ndipo kusambira sindidziwa. Apa mantha anandigwira enieni. Mphepo inayamba kundikankha, ndikungozungulira, ndipo pa mbali zonse za damu lija inasankha kumene amayi amachapira. Ndinapemphera mapemphero awiri otsutsana, loti wina andione ndi loti asandione aliyense.

Anandiona a Nabanda, mnansi wathu.

"Mayo ine! Si akamwini anu awo?"

Amene ankafunsidwawo, atawerama pamwala ndi zochapa, anali apongozi anga.

Paja mukudziwa kuti kwathu kuno mkamwini ndi apongozi sayang'anana kumaso, mukakumana panjira wina amapatukira patchire. Chikwatire ndinali ndisanalankhule nawo pafupi. Anangondiona kamodzi n'kutembenuka, ine ndinati basi, ndikufera mwambo. Koma mayi aja anatola nsungwi yaitali yoyanikapo zovala, anaiika paphewa, n'kuyamba kulowa m'madzi chafutambuyo, nkhope ili kumtunda, mpaka madzi anawafika m'chifuwa.

"A Nabanda, auzeni bambo a Chisomo agwire nsungwiyi."

Ine ndili pafupi pomwepo ndikumva zonse, koma a Nabanda anakuwabe ali kumtunda: "Akuti mugwire!"

"Auzeni amayi asunthire kumanzere pang'ono, ikundigogoda pamutu!"

"Akuti kumanzere!"

Ndinaigwira, anandikoka mpaka pamatope. Koma kutuluka m'chubu kunakanika, amayi awiri kukoka mapazi, osatheka. Apongozi anafika chambuyo chomwecho, anapapasa mpaka kupeza valavu, n'kuitosa ndi kamtengo, mpweya fyuu, ine n'kumasuka. Ndisanadzuke anamasula chitenje chawo chapamwamba n'kuchiponya osacheuka, ndipo chinagwera ndendende pofunikira. Amayi ena anali atagona pansi ndi phwete, koma apongozi sanaseke. Anangoti, "A Nabanda, auzeni adzere njira yam'chimanga, yam'mudziyi muli anthu."

Mmene ndinkayenda m'chimanga muja, nditamanga chitenje cha apongozi m'chiuno, manyazi anali pamenepo koma misozi imene inkatuluka inali yothokoza. Munthu wamkulu ngati uja kulowa m'madzi chifukwa cha chitsiru ngati ine!

Ndinakafikira kubindikira m'nyumba, ndikudziwa kuti za chitengwa zathera pomwepo. Angapereke mwana wawo ndani kwa munthu wokanika kukhala pansi? Chakumadzulo ndinamva apongozi panja akulankhula ndi mkazi wanga.

"Kodi kwawo ku Nathenjeko kuli damu?"

"Kumudzi kwawoko damu kulibe, amayi, kuli mjigo basi."

"Ndiye uwauze akutenge msanga. Akakhalitsa kuno atisiyira ana amasiye."

Anzanga, chitengwa chimene ndinachivutikira ndi makasu m'munda mwawo chinatheka ndi kabudula wong'ambika! A Yohane ndinawalukiranso mpando wawo ndi khonje, iwo ataima pomwepo kundiyang'anira. Ine pachubu sindidzakhalanso, ndipo legeni ntchito yake ndi panjinga basi. Ndikamapita kukaona apongozi ndimawatengera nsomba ndithu, koma zapamsika, zouma kale.