Kwa Bwana Mwini Tabuleti Yokana Chiphaso cha Kampani Yake Yomwe

Nsaru, Lilongwe

Kwa Mkulu wa Zamakina,
Kampani ya Dalirani Tekinoloje.

Wolemekezeka Bwana,

Ndagwada polemba kalatayi, ngakhale simukundiona. Dzina langa ndine Faida Jabiri, mlembi wa kalabu ya alimi a soya kuno ku Nsaru. Ndine mtsikana uja mudampatsa tabuleti chaka chatha kuti azilembetsera alimi mbewu, mutamujambula akumwetulira. Sukulu ndidalekera Folomu 4, choncho mundikhululukire ndikapunthwa pa mawu akuluakulu. Ndalemba kuti ndithokoze.

Choyamba, zikomo chifukwa cha chitetezo. Sabata yolembetsa mbewu alimi ankafika m'mamawa, ena panjinga kuchokera kumalire a Kabudula. Ndikadina batani, tabuleti inkangoti kulumikizana si kotetezeka. Lolemba mpaka Lachisanu, nyimbo yomweyo. Palibe mbava yomwe idaba dzina la mlimi ngakhale mmodzi, Bwana, poti palibe dzina lomwe lidalowa. Alimi 143 ndi otetezeka kwambiri. Mvula yagwa, mbewu alibe.

Chachiwiri, zikomo pondiphunzitsa zomwe sindidapemphe. Nambala yanu yothandiza anthu idandiuza kasanu kuti ndizimitse n'kuyatsanso. Nditatopa ndidapita kwa a Theresa, aphunzitsi a kompyuta pasekondale yathu. Iwo adatsegula laibulale ya pulogalamu yanu, mtolo uja wa malamulo ouza tabuleti kusiyanitsa webusaiti yeniyeni ndi yabodza, womwe mumanyadira kuti uli poyera pa intaneti. Adandifotokozera mwa Chichewa. Webusaiti iliyonse ili ndi chiphaso. Chiphasocho chimalembedwa m'makaundula apoyera, oti aliyense angawerenge koma palibe angafufute, kuti wopanga chabodza aonekere. Tabuleti isanakhulupirire chiphaso, imayamba yaona ngati chili m'kaundula yemwe ikumudziwa. Nzeru zabwino, eti? Kungoti makaundulawa amatsekedwa, atsopano n'kumatsegulidwa chaka ndi chaka. Amisiri anu adalemba maina a makaundula asanu m'kati mwa pulogalamu mu 2022, basi n'kuweruka. Asanu onsewo adatsekedwa kale. Ndiye tabuleti yanu idaona chiphaso chatsopano cha kampani yanu yomwe, cholembedwa m'kaundula watsopano, n'kuchikana ngati cha wakuba.

Pamwamba pa maina asanuwo mmisiri wina adasiya kamzere konena kuti adzakonza nthawi ina. Ndidawapempha a Theresa kuti andiwerengere kawiri. Kodi ali bwino bambo ameneyo? Mukawapatse moni.

Chachitatu, zikomo potitumizira a Rodgers, mmisiri wanu, patatha masiku khumi kulembetsa kutatsekedwa. Adafika pagalimoto yoyera, adamwa zoziziritsa kukhosi m'sitolo ya bambo anga, n'kuthetsa vuto m'mphindi ziwiri: adazimitsa kufufuza ziphaso konseko. Tsopano tabuleti sikana munthu. Webusaiti iliyonse kwa iyo ndi m'bale, ndipo m'mimba mwake muli manambala a ziphaso za unzika za anthu onse aja, omwe ndidawalemba koma adakanika kutumizika. Kwathu kuno loko akavuta sitizula chitseko, koma ife sitidaphunzire zauinjiniya.

Chachinayi, ndipo apa ndiye mtima wanga wasefukira, zikomo chifukwa cha kalata yomwe mudalembera a Yakobo, wapampando wa kalabu yathu, yoti vuto lidali kwa wogwiritsa ntchito. Mawu aukhondo bwanji! Wogwiritsa ntchitoyo ndine, Bwana. A Yakobo adaiwerenga pamsonkhano. Lero pamsika akuti ndidabisa maina kuti mbewu ipite kwa abale anga. Amayi omwe adandiona ndikukwawa akundilambalala pamjigo, ndipo sopo akukagula kusitolo ina. Loweruka likubwerali komiti ikhala pansi kuti indichotse ulembi, ndipo ndikachoka ndi mbiri imeneyi palibe adzandipatsenso cholembera kuno, ngakhale cha pamaliro.

Sindikupempha kuti mupepese. Ndikudziwa kuti mawu amenewo amadutsa kaye m'maofesi ambiri. Pempho langa ndi laling'ono. Mubwere Loweruka, 9 koloko m'mawa, kushedi ya kalabu. Mudzaime kutsogolo, mudzawerenge mokweza maina asanu aja, chaka chomwe adalembedwa, ndi kamzere ka mmisiri wanu. Kenako mudzauze alimi kuti chala changa chidadina batani loyenera. Mpando wotsamira tidzakusungirani, wa a Yakobo womwe.

Ntchito ikakuchulukirani, musadandaule. A Theresa asindikiza kale tsamba la maina asanu aja, limodzi ndi mbiri yake yoonetsa amene adalemba, amene adavomereza, ndi tsiku lake. Pa amene adavomereza pali dzina lanu. Ndidzawerenga ndekha, ndipo dzinalo ndidzalitchula mwaulemu wonse, pang'onopang'ono, kuti okhala kumbuyo nawonso alimve.

Ndine wanu wotsika, wosaiwala msanga,

Faida Jabiri
Mlembi, mpaka Loweruka