Nkhalamba Yomwe Inkabera Mkazi Wake Dotori

Ku Gamgol kuno tinali ndi mbala imodzi yokha yodziwika, ndipo inkabera munthu mmodzi yekha, mkazi wake. A Bong Chil-seong sanabepo nkhuku kapena khasu la munthu. Iwo chawo chinali dotori, timtedza tija timagwa m'mitengo ya m'phiri mphepo ikayamba kuzizira. Akazi awo, a Maeng Sun-deok, ankatola dotori kuti aphike muku, phala lolimba la ufa wa dotori, lokagulitsa kumsika, a Bong n'kumaba dotori zomwezo kukabwezera agologolo. Banja limeneli linafika pomera imvi likuchita zomwezi, wina akutsitsa dotori m'phiri, wina akuzikweza.

Lero a Bong kulibe, ndipo chiwaikireni m'manda agologolo anasowa pabwalo pawo. A Sun-deok, amene anatha matsache ambirimbiri pothamangitsa tizilomboti, anayamba kukhala pakhonde maso ali pampanda, kudikira kuti mwina kamodzi katulukira. Mumtima mwawo ankati amuna awo anapita atakwiya ndipo anatenga anzawo onse, ndiye kusowa kwa agologolo kunkawauza tsiku ndi tsiku kuti sanakhululukidwe.

Koma tiyambe ndi za thumba. Muku si chakudya cha munthu waulesi. Dotori uzisende, uzipere, uziviike m'madzi mpaka kuwawa kutachoka, kenako utakase pamoto mpaka mkono kuuma. Ndiye chaka china a Bong atadzipereka okha kusenza thumba kuchokera kuphiri, a Sun-deok anaganiza kuti ukalamba wawabweretsera nzeru. Anatsogola monyadira, amuna awo ali pambuyo akuimba mluzu. Pofika pakhomo thumba lija linali litafota.

"Abambo ake a Yong-tae, dotori zanga zili kuti?"

"Thumbali ndi lakale, amake Yong-tae. Labooka."

"Labooka mowongoka chonchi? Uwu si mpeni?"

"Mbewa za masiku ano zili ndi mano abwino."

A Sun-deok atacheuka anaona mzere wa dotori kuchokera pachipata mpaka kuphiri, agologolo ali kalikiliki, masaya atatupa. Tsiku limenelo a Bong anadya mpunga wozizira kunyumba kwa anzawo.

Anthu a ku Seoul obwera kudzakwera phiri Loweruka, aja a majekete owala ndi ndodo ziwiriziwiri, nawonso sankapulumuka. A Bong ankawadikirira pamlatho atamanga kansalu kachikasu pamkono, kosoka okha, wezulo ali pakamwa.

"Imani! Tione m'matumba."

"Agogo, kodi ndinu a boma?"

"Ndine wa eni ake."

"Eni ake ndani?"

A Bong ankangoloza m'mwamba, pomwe gologolo anali panthambi akulalata. Alendo ankaseka, kuwajambula, koma dotori ankakhuthula. Mayi wina wamwano anakana, a Bong anamutsatira mpaka pokwerera basi akumuwerengera maina a ana amasiye amene adzagone ndi njala chifukwa cha iye. Mayiyo anataya dotori pawindo basi itanyamuka kale.

Agologolo a kwathu ndi a mitundu iwiri: tating'ono ta mizere kumsana timene timakumba pansi, ndi akuluakulu akuda a ubweya m'makutu amene amayenda m'nthambi. Anthu ankati akudawo ndi amene akutha tating'onoto. A Bong ankakana kwamtuwagalu. "Musawanamizire. Mdani wa onsewa ndimagona naye nyumba imodzi." Chaka ankachidziwa pongoyang'ana pabwalo. Dotori zikabala zambiri, agologolo ankachepa pakhomo, kungotsala aulesi ochepa, a Bong n'kumati ena onse apita kuphwando. Zikakanika kubala, ankatsika onse, a mizere ndi akuda omwe, kudzadza mpanda, denga ndi pamitsuko.

"Alendo a njala afika, amake Yong-tae. Masulani thumba."

"Apatseni mbale yanuyo."

Ndipo ankawapatsadi, nkhalamba yopanda manyazi.

Atakalamba kwambiri anatengera khalidwe la anzawo aja. Anayamba kubisa dotori paliponse: pansi pa pilo, m'miphika ya maluwa, ngakhale mumtsuko wa kimchi, ndiwo zathu zamasamba zowawasa. Koma malo awo apamtima anali m'nsapato zamphira za a Sun-deok, zimene zinkakhala panja pakhomo. M'mawa uliwonse tinkamva "Mayo!" kenako nsapato ikuuluka kudutsa bwalo.

"Kodi ndinakwatiwa ndi munthu kapena gologolo?"

"Ndinaiwala kuti ndaikamo."

"Mumaiwala tsiku lililonse?"

"Musanyoze kuiwala, amake Yong-tae. Phiri lonselo analidzala ndi agologolo oiwala pomwe anakwirira."

Chaka chawo chomaliza dotori zinakanika. A Sun-deok anayenda mapiri mpaka mawondo kutupa kuti apeze zokwana mphasa imodzi, n'kuziyanika pabwalo. Pobwera kumunda anapeza mphasa ili mbee, agologolo ali ponseponse, amuna awo ataima pakati matumba a jekete atatupa. Tsiku limenelo sanaponye nsapato. Anangolankhula motsitsa, ndipo zikanakhala bwino akanalalata.

"Pitani mukakhale nawo konko. Kuno mwanditopetsa."

A Bong anavala chipewa n'kukwera phiri. Anthu anawapeza masana omwewo atatsamira mtengo wa dotori, chipewa chili kumaso ngati akuwodzera, matumba ali opanda kanthu, makoko ali mbwee kuzungulira mapazi awo. Amene anawanyamula amati m'nthambi munali zii, koma ankamva kuti akuyang'anidwa.

Anawaika m'mbali mwa phiri lomwelo, ndipo kuyambira pamenepo pabwalo panati zii. Chipale chofewa chinagwa n'kusungunuka, dzinja linadutsa, gologolo osaoneka. Anansi ankawatonthoza kuti mitengo yachita maluwa ambiri, agologolo angopita kuphwando monga ankanenera malemu. A Sun-deok ankangogwedeza mutu. Ankadziwa bwino kuti ngakhale chaka cha zambiri aulesi aja ankatsala. Anayesa kusiya dotori zakale pampanda, zinangoola. M'mawa ankalowetsa phazi m'nsapato pang'onopang'ono, n'kupeza mulibe kanthu, ndipo zimenezi zinkawapweteka kuposa dotori.

Chikondwerero cha zokolola cha Chuseok chitayandikira, mwana wawo Yong-tae anabwera kuchokera ku Incheon ndi makina odulira udzu kuti akalambule manda a bambo ake, monga timachitira chaka ndi chaka. Atafika pamandapo ndi amayi ake, onse awiri anaima chilili. Chulu chonse cha manda chinali chitamera timitengo ta dotori, tothinana, tamasamba anthete. Agologolo anali atakwirira chakudya chawo m'dothi lofewa lija n'kuiwala. M'nthambi zapafupi munali phokoso lawo, a mizere ndi akuda, onse aja anasowa pakhomo.

"Amayi, taonani zimene achita anzawo aja! Nkhalango pamutu pa abambo!"

Yong-tae anawerama kuti azule.

"Usakhudze, iwe."

"Amayi, mizu ikafika pamafupa? Inu nomwe munandiphunzitsa kuti mtengo sumera pamanda. Abambo sagona bwino, ndipo ine ndili ndi ana."

Yong-tae sankanama. Kwathu kuno mizu ikamanga mafupa a munthu, tsoka limatsikira ana ndi adzukulu, ndipo a Sun-deok ankakhulupirira zimenezi kuposa aliyense. Koma kuzula timitengoto n'kutitaya m'chigwa kunali ngati kuwathamangitsa amuna awo kachiwiri. A Sun-deok anakhala pansi. Kenako anatulutsa kakhasu kawo kam'manja, n'kuyamba kukumba kamtengo kamodzikamodzi ndi dothi lake, kumatiika m'thumba. Linali thumba lakale lija, la chigamba pomwe panadutsa mpeni. Atamaliza anagwada, n'kusisita udzu wa pamanda.

"Abambo ake a Yong-tae, ndinangonena ndi mkwiyo. Tiyeni kwathu."

Timitengoto anatidzala kunyumba m'mbali mwa mpanda, mzere wonse, Yong-tae akudandaula kuti mitengoyo ikadzakula idzagwetsa nyumba.

Gamgol si yakale ija. Pamlatho palibe woimitsa anthu, ndipo a ku Seoul amatsika matumba ali otupa, ngakhale ena amati akafika pamenepo amamva ngati wezulo patali, n'kukhuthula okha osauzidwa. Ife m'mawa timadzukabe tikutchera khutu kudikira nsapato youluka.

Ndiye tsiku lina, dotori zitayamba kugwa, tinamvadi. "Mayo!" A Sun-deok anali ataima pakhomo ndi mwendo umodzi, nsapato ili m'mwamba, koma woti amugende panalibe. Pampanda, pamwamba pa timitengo tija, panali kagologolo ka mizere kakuwayang'ana, masaya atatupa. Anagwedeza nsapato, dotori imodzi inagwera m'manja mwawo. Anaiyang'ana, misozi ili chuchuchu, kenako anaibwezeramo n'kuvala.

Mpaka lero amapita kumsika akutsimphina. Munthu akawafunsa kuti mwendo watani, amayankha osacheuka.

"Ndi abambo ake a Yong-tae. Sadzasintha."