Tsiku Limene Galu Wanga Anakhoza Mayeso a Impso

Nkhani iyi mwina munaimva kwa mlamu wanga Zuze, koma iye amaikhotetsa. Lero muimve kwa mwini manyazi.

Pa Ngabu panabwera a vetenale, kufuna agalu abwinobwino, osadwala. Akuti aziwatenga magazi sabata iliyonse kuti aone za impso. Ine ndinapereka wanga, Sindikuopa. Zuze naye anabweretsa kagalu kake konyentchera, kosagwira ngakhale khoswe.

Ulendo woyamba dokotala, mayi wina wa magalasi, anatchula manambala. Ya Zuze inaposa yanga!

"Mlamu," anatero Zuze mano onse panja, "ndi galu yemwe akubwereza kalasi?"

Zinandibaya. Ine sukulu ndinalekezera Sitandade 5, koma chimodzi ndinachigwira: wa malikisi ambiri ndiye nambala wani.

Dokotala uja anatiuza kuti galu azibwera asanadye. Ndinati eya, chinyengo chake n'chimenechi, kuti agalu a amphawi azilephera ndi njala. M'mawa wa mayeso achiwiri ndinavundukula dengu la milamba yowamba imene mkazi wanga, make Joze, amakagulitsa ku Bangula. Sindikuopa anadya mpaka mimba kuti ndi! Kenako ndinamuthamangitsa pambuyo pa njinga, dzuwa lathu lakunoli, popanda ndi dontho la madzi, kuti magazi atenthe bwino.

Dokotala anayang'ana makina ake, n'kuvula magalasi.

"Bambo, nambala iyi yakwera koopsa!"

"Pyadidi! Zabwino zedi!" ndinakuwa, chipewa m'mwamba. "Zuze, wamva? Nambala wani!"

"Bambo, khalani pansi. Nambalayi ndi ya zinyalala zotsalira m'magazi. Kwa galu wabwinobwino imakwera pang'ono, kutsika pang'ono, aliyense ndi yake. N'zimene tikuyeza. Koma ikalumpha chonchi timaopa kuti impso zikufa. Galuyu atsale, timuike diripi."

"Atsale? Kaduka basi! Galu wa mphawi akakhoza ndiye wadwala?"

"Wadya chiyani lero?"

"Mphepo."

Pamenepo njinga ya kabaza inaima pageti la a vetenale. Anatsika make Joze, dengu lopanda kanthu m'manja.

"Bambo a Joze, nsomba zanga zili kuti?"

"Funsani amphaka, mayi. Ine ndili pa za boma pano."

Sindikuopa anathamangira kwa mayiwo akugwedeza mchira, anakhosomola kawiri, n'kukhuthula zonse pamapazi pawo. Mutu wa mlamba unatuluka wathunthu, ndevu zake zili chiimire.

Zuze anachita kugwirira mtengo ndi phwete.

Sabata yotsatira nambala inabwerera mwakale, impso zili bwinobwino, koma galu wanga anamuchotsa ngati mwana wobera mayeso. Ka Zuze kakadali komweko. Kwathu ndiwo yanga ndi therere mpaka pano.

Sekani, zilibe kanthu. Nambala ija palibe galu wa pa Ngabu anaifikapo!

Kungoti ukamalimbirana nambala wani, uyambe wafunsa kuti ndi wani wa chiyani.