Kope la a Chikoti

Mu Mzuzu muno muli anthu asanu ndi atatu amene sanalembe mayeso a Fomu 4 chaka cha referendamu chifukwa cha ine. Ndikadziwerengera ndekha tikwana asanu ndi anayi, koma ine ndinazifuna dala, ndiye musandimvere chisoni.

Sukulu ndinasiyira Fomu 3 nditagenda ahedi ndi dasitala (sindinawalase, anawerama, koma kalata yondichotsa inatuluka tsiku lomwelo). Kuchokera apo ndinkakonza njinga pansi pa mtengo ku Chibavi. Mtima wapachala ndinabadwa nawo. Amayi amati ndinayamba kuluma anthu mano asanamere.

Tsiku lina kunabwera mdala wina wa magalasi, a Gondwe, akukankha njinga yopindika limu. Anali mphunzitsi wopuma ntchito, mmodzi wa aja anawabweza kuno kumpoto kuchokera ku sukulu za m'chigawo chapakati. Anandipeza ndikuwerenga chidutswa cha nyuzipepala chimene anandikulungiramo zitumbuwa.

"Umagwedeza milomo powerenga, koma ukuwerenga ndithu," anatero. "Ubwere kwathu ku Chibanja Loweruka 2 koloko."

Kwawoko kunali galaja yopanda galimoto, mabenchi atatu ndi bolodi. Tonse tinali osiyira sukulu panjira, ndipo a Gondwe, asambizgi athu monga timatchulira aphunzitsi kuno, ankatikonzekeretsa kuti tikalembe mayeso ngati oyima patokha. Kwa ine uwu unali mwayi womaliza. Girizi wa m'zikhadabo ndinali nditatopa naye.

Buku la Chingerezi limene tinkawerenga linali lakalekale, ndipo dzina lake sinditchula chifukwa limandiyambitsa mutu. Mabukuwo analipo atatu okha, timabwerekana. Nkhani yake inali ya mdala wina mwini chigayo, chigayo chimodzi chokha m'dera lonse. Ukangodandaula kuti ufa wachepa, mawa lake asilikali akugogoda pakhomo. Munalinso mnyamata wolimba mtima amene ankamuyankha mdalayo pamaso, ndi mlembi wa pachigayo, munthu wofatsa, wosayankhula, ntchito kulemba m'kabuku basi. Ine ndinali mnyamata uja, zimenezo zinali zosachita kufunsa.

A Gondwe anali ndi njira yawo yosanthulira munthu wa m'buku. Ankagawa bolodi patatu: zimene munthuyo amanena, zimene amachita, ndi zimene ena amanena za iye. "Mukadzaza mipata itatuyi, munthu mwamugwira," ankatero.

Tsono kumbukirani nyengo yake. Kunja anthu anali pa mkangano wa nyali ndi tambala wakuda, zipani zambiri kapena chimodzi, ndipo aliyense ankayamba wacheuka asanayankhule. Ife tikamva za mdala wa chigayo chimodzi tinkatsinana pansi pa benchi. A Gondwe ankaziona.

"Muno tikuwerenga za mdala wa chigayo," ankatichenjeza. "Mdala wina aliyense muzimusiya pa geti."

Pa benchi yakutsogolo pankakhala a Chikoti, mesenjala wa ku ofesi ina ya boma, kwawo ku Dedza, bambo wa ana asanu. Jekete yawo inali ndi kabaji ka chipani pamtima. Chitumbuka sankachidziwa kupatula "yewo", ndipo ngakhale uwaponde phazi ankathokoza kuti yewo. M'kalasi sankayankha funso. Ankangolemba m'kope lalikulu lakuda. A Gondwe akatsokomola, cholembera cha a Chikoti chinkayendabe.

Titafika pakati pa buku, a Gondwe anatipatsa ntchito yoti tikasanthule khalidwe la mlembi wa pachigayo. Ndinakhala pansi pa mtengo wanga, ndinang'amba katoni ya sopo, ndinaigawa patatu. Ndili mkati molemba, tsitsi linandiima. Zimene amanena: palibe. Zimene amachita: kulemba. Ndinatembenuza katoniyo, ndinajambulanso mipata itatu, pamwamba ndinalembapo "Chikoti". Zonse zinangolowana ngati tcheni pa giya. Unatsala mpata wachitatu, wa zimene ena amanena. Ndinafunsa munthu wina amene ndinkamumatira chubu ngati mesenjala wa boma angakhale kazitape. Iye anati amesenjala onse ndi makutu a boma. (A Chikoti sankawadziwa n'komwe, koma ine ndinalemba kuti umboni wapezeka.)

Loweruka lotsatira ndinawayesa. Titakumana pa geti ndinawakwezera zala ziwiri, chizindikiro cha matipate. Anacheuka uku ndi uku, nkhope itatuwa, n'kulowa mu galaja. Munthu wa ana asanu wodya za boma akanatani? Koma ine ndinati ndamugwira.

Pa nthawi yopuma anapita kuseri, kope anasiya pa benchi. Ndinalitsegula chakumapeto, ndipo maso anga anagwera pa dzina langa, lodulidwa mzere kawiri. Ndisanawerenge zapansi pake ndinamva nsapato zawo. Sabata yonseyo ndinkangoona Landirova ya apolisi pakhomo pathu, amayi akulira.

Loweruka la tsokalo kunkagwa kamvula kowaza kaja ka kuno, kozizira mpaka m'mafupa. A Gondwe anagawa bolodi patatu.

"Mlembi wa pachigayo ndi munthu wotani? Ndikufuna umboni wa m'buku."

Ndinaimirira asanandiloze.

"Asambizgi, mlembi ndi kazitape. Sayankhula, amangolemba mayina a anthu n'kukapereka kwa mdala. Ndipo umboni wanga suli m'buku ayi. Wakhala apa, wavala jekete."

"Iwe, khala pasi!" anatero a Gondwe, Chingerezi chonse chitawathawa.

A Chikoti anatembenuka, cholembera chili m'manja. "Achimwene, mukunena ine?"

"Ndikunena agogo anu? Bweretsani kopelo!"

Analikumbatira pachifuwa. Ndinakoka, iwo anakoka, kope linang'ambika pakati. Kenako dzanja langa linapita lokha (limatero, silipempha chilolezo), ndipo mlomo wa bambo wa ana asanu unaphulika magazi. Benchi inagwa. Azimayi awiri a m'kalasi anakuwa. Ndikanalekera pomwepo bwenzi nkhani itathera mu galaja. Koma ine ndinawagwira jekete n'kuwakokera panja mpaka pa msewu, kuti Chibanja yonse imuone kazitape.

"Kawauzeni amene anakutumani!" ndinakuwa. "Mdala wa chigayo tikumudziwa tonse kuti ndani! A Gondwe atitsegula maso! Chigayo chimodzi chatikwana!"

AnyaMhango, akazi a a Gondwe, anatuluka m'khitchini manja ali kumutu, akufunsa ngati ndapenga. "Chiuta wane! Kasi wafuntha?"

Nyumba yachitatu kuchokera pamenepo panali achinyamata anayi a malaya ofiira, amene ankayenda khomo ndi khomo kuphunzitsa anthu kuvotera tambala. Sanafunike kazitape aliyense. Ndinawafikitsira lipoti lonse ndekha, mokweza, pamodzi ndi dzina la mphunzitsi.

Apa ndiye pofunika kunena zoona. Mnyamata wolimba mtima uja, woyankha mdala pamaso, ataona malaya ofiira akubwera analiyatsa liwiro. Ndinadumpha mpanda, ndinadutsa m'nthochi za eni, ndinagwera mu ngalande, nsapato imodzi inatsalira m'matope. Sindinacheuke. Ndinakaima ku Luwinga kwa asibweni anga, amalume ocheka matabwa, ndipo ndinabisala kumeneko sabata yathunthu. Ndinamvera komweko kuti a Gondwe anawatengera kupolisi pamodzi ndi mabuku atatu aja ndi bolodi lomwe.

Theka la kope lija linali m'malaya mwanga. Tsiku lachiwiri ndinalitsegula kuti ndione mndandanda wa anthu operekedwa. Ndinapezamo mawu a a Gondwe, olembedwa bwino ngati otayipa, ndipo pansi pa liwu lililonse lovuta panali tanthauzo lake m'Chichewa. Patsamba lina analemba okha kuti: "Zaka 16 ndikunyamula mafayilo. Chaka chino ndikhoze, ndikhale kalaliki." Kumapeto kunali mayankho a anthu a m'kalasi, aliyense ndi dzina lake, kuti aziwerenga kunyumba. Pansi pa dzina langa panali mawu awa: "Mnyamatayu mutu ulipo. Ndimupemphe azindithandiza Lamlungu."

Ndinasanza kuseri kwa mulu wa utuchi. Asibweni anaganiza kuti ndi malungo.

Patatha milungu iwiri ndinalimba mtima n'kupita ku Chibanja masana. Galaja inali yokhoma ndi loko watsopano. AnyaMhango anandiona pa geti, sanandilonjere, anangolowa m'nyumba n'kumenyetsa chitseko. A Gondwe anali pakhonde atafunda bulangete, mutu atametedwa mpala, magalasi omanga ndi ulusi.

"Monire asambizgi."

"Yewo. Khala apo."

Ndinakhala pansi pa simenti. Ndinayamba kupepesa, koma anakweza dzanja.

"Masiku asanu ndi limodzi ndinagona m'kati muja. Ukudziwa ananditulutsa ndani? A Chikoti. Tsiku lililonse ankabwera, mlomo wotupa, baji ili pamtima, atanyamula theka la kope limene unawasiyira. Ankawawerengera apolisi tsamba ndi tsamba kuti aone kuti ine ndimaphunzitsa za m'buku basi. Apolisi anatopa nawo."

"Ali kuti pano?"

"Mabwana awo anafunsa chimene mesenjala ankafuna kupolisi masiku onsewo. Awasamutsira ku Chitipa."

"Nanga kalasi?"

"Ndinasayina kuti sindidzasonkhanitsanso anthu pakhomo pano. Ndipo ngakhale ndikanapanda kusayina, amama ako AnyaMhango m'nyumbamo anena kale kuti choko chikalowanso muno iwo akupita kwawo."

Kenako anandiyang'ana pamwamba pa magalasi, ngati tili mu galaja.

"Buku lija unawerenga mpaka pati?"

"Mutu 7."

"Lili ndi mitu 15."

Ndinayang'ana pansi.

"Mlembi uja amalemba mayina a anthu amene anatengedwa, kuti abale awo adzadziwe kumene anapita. Mu mutu 13 amafa akubisa anthu m'chigayo. Ukudziwa amene amabweretsa asilikali pamalopo? Mnyamata wako uja. Osati mwadala. Pakamwa."

Munthu wanzeru akanalira kapena kungonyamuka mwakachetechete. Ine mutu unatentha. Ndinati wolemba bukulo ndi wabodza, ananyenga anthu dala mitu isanu ndi iwiri yathunthu, munthu wolungama salemba choncho, ndipo akanakhala wamoyo ndikanamufunafuna. Potsindika mfundoyo ndinamenya chibakera mzati wa khonde. Mzatiwo unali wa njerwa zootcha.

A Gondwe anandiyang'ana ndikudumphadumpha, dzanja ndili nalo pakati pa miyendo.

"Mutu 14 umayamba chimodzimodzi," anatero. "Pita kuchipatala chala chisanatupe."

Chala chaching'onocho chinapola mokhota, ndipo mpaka lero chimandivutitsa ndikamamanga sipoko. Mabuku aja sanabwereko kupolisi, choncho mitu isanu ndi itatu yotsalayo sindinaiwerenge. Mwina a Gondwe ankanena zoona, mwina mutu 14 anaupeka pomwepo kuti undiwawe. Koma wolemba uja ndikadali naye chifukwa.